Kodi Amanola Mkondo wa Mnyamata Ndani?

Pamene Akonzi a magazini yathu anapempha kuti aliyense alembe kanthu, ine ndinayamba ndaganiza zolemba za mpira, pakuti nkhani imeneyo palibe amene amaidumpha. Koma pali chinthu china chimene chakhala chikundivuta mumtima, ndipo ndaona kuti nkwabwino ndichitule pano kuti tisenzane, popeza mutu umodzi susenza denga. Funso langa ndi ili: mnyamata akatola mwala kuti agende munthu amene sanamlakwire, kodi nzeru imeneyo amaitenga kuti? Ena amati ndi chibadwa cha unyamata, ena amati ndi mowa kapena umphawi. Zonsezo zili ndi mbali yake. Koma ine ndifuna kuonetsa kuti kawirikawiri kumbuyo kwa dzanja la mnyamata kumakhala pakamwa pa munthu wamkulu.

Chimene chinandiyambitsa kuganiza

Kwathu ndi kumwera kwa boma lino la Mzimba, kufupi ndi Embangweni. Ndili ndi msuweni wanga amene tinkaweta naye ng'ombe tili ana, mnyamata wofatsa ndithu, woti ngakhale kuzinga nkhuku ankakana. Iye anasiyira sukulu Fomu 2 chifukwa chosowa fizi. Pa nyengo ya kampeni ya chisankho chapitachi, ine ndili pa tchuthi, kunabwera lole kudzatenga anyamata kuti apite ku msonkhano wa chipani china, chimene sindichitchula. Anawapatsa malaya, tindalama pang'ono ndi kachasu. Kumsonkhanoko munthu wina wamkulu anaimirira nawatcha anyamatawo asilikali ake, nati a chipani chinacho ndi njoka, ndipo njoka sainyengerera. Anthu anaomba m'manja, amayi naluluta.

Pobwerera anakumana ndi anyamata a chipani chinacho alikumanga mbendera yawo pamtengo. Miyala inayamba kuuluka, ndipo umodzi unatema pamutu mayi wina wogulitsa tomato amene sanali mbali iliyonse. Msuweni wanga anagwidwa, nagona m'chitokosi. Munthu wamkulu uja sanaoneke konse. Amene anavutika ndi azakhali anga, omwe anagulitsa mbuzi ziwiri kuti apepese mayi wovulalayo. Atatuluka ndinamfunsa kuti, "Msuweni, chinakulowa nchiyani?" Iye anawerama nati, "Onse amagenda, ndipo abwana anati tisaope kanthu."

Madzulo ake agogo aamuna anatiitana tonse awiri kumphala. Iwo sanakalipe ayi. Anati matenda amenewa ndi akalekale m'dziko muno, ndiponso mankhwala ake ndi akalekale. Ndipo anatisimbira za makolo athu. Nditabwerera kuno kusukulu ndinafunafuna m'mabuku a mbiri, ndipo ndinapeza kuti zimene ananena agogo zinali zoona.

Anyamata a M'mbelwa

Angoni anaoloka Zambezi mu Novembala 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa. Zwangendaba atamwalira ku Mapupo m'dziko la Ufipa cha m'ma 1848, mtunduwo unagawikana, ndipo gulu la M'mbelwa linafika m'dera lino cha m'ma 1855. Masiku amenewo mnyamata wa Chingoni ankakulira nkhondo monga momwe ife tikukulira mayeso. Ankachoka m'nyumba ya amake akali wamng'ono kukagona ndi anyamata anzake, naphunzira kumenyana ndi zibonga koweta ng'ombe, ndipo atakula ankalowa m'gulu la nkhondo la amsinkhu wake. Pobwera kunkhondo, amene anachita chamuna ankavina m'chibaya pamaso pa Inkosi, natamandidwa ndi mayina aulemu. Amene mkondo wake unali usanalawe magazi ankasekedwa ngakhale ndi atsikana.

Tsono taonani, anzanga. Anyamata amenewo sanabadwe ndi mtima woipa kuposa wathu. Iwo ankafuna chimene mnyamata aliyense amafuna, ndicho kuonedwa kuti ndi munthu. Ndipo akuluakulu awo anaika ulemuwo kunsonga ya mkondo. Amene analawa kuwawa kwake ndi Atonga a kunyanja, Atumbuka, Asenga ndi Achewa, amene midzi yawo inkatenthedwa. Cha m'ma 1880 Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anaukira ulamuliro wa Angoni nathawira paphiri la Hora, ndipo ambiri anaphedwa pomwepo.

Mu 1879 Dotolo Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia anakumana ndi Inkosi M'mbelwa, ndipo mu 1882 William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, anakhazikika ku Njuyu. Chilankhulo cha Koyi Angoni ankachimva, motero anatha kukhala nawo pabwalo nacheza nawo. Komabe kwa zaka zingapo mafumu ndi nduna anakana kuti sukulu zitsegulidwe. Chifukwa chake nchofunika kuchisunga: ankaopa kuti ana akaphunzira za m'buku adzakana kupita kunkhondo. Apa tiona kuti akuluakuluwo ankadziwa bwino lomwe kuti mtima wa nkhondo umachita kuphunzitsidwa, ndipo mphunzitsi wina atha kuuchotsa.

Mu 1886 M'mbelwa analola sukulu, ndipo chaka chomwecho Koyi anamwalira. Mu Okutobala 1887, pamene ankhondo ambiri ankafuna kutsikira ku Bandawe kukathira nkhondo Atonga, M'mbelwa ndi m'bale wake Mtwalo anakhala pansi ndi Dotolo Laws, ndipo nkhondoyo siinachitike. Sichinali chinthu chapafupi, pakuti panali akazembe otchuka monga Ng'onomo Makamo amene moyo wawo wonse unali wa nkhondo. Mu 1890 Mawelera Tembo anabatizidwa, m'modzi wa oyamba m'dziko la Angoni, ndipo anakhala mphunzitsi ndi wopeka nyimbo. Iye ndi anzake anatenga maimbidwe a Chingoni naikamo mawu opembedza, ndipo Donald Fraser, amene anakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, analimbikitsa ntchito imeneyi. Sanawauze anyamata kuti aleke kuimba. Anangowapatsa china choti aimbire.

Ndisaname kuti ndi mawu okha amene anathetsa nkhondo zija. Mitundu yoyandikana inali itapeza mfuti nimanga malinga, mphamvu ya Angelezi inali kukula, ndipo anyamata anayamba kupita kukagwira ntchito ya malipiro. Koma zinthu zomwezo zinafikanso kwa abale athu a kwa Mpezeni, ndipo kumeneko mapeto ake anali ena. Mu Januwale 1898 Nsingo, mwana wa Mpezeni, anatsogolera ankhondo kulimbana ndi asilikali a Angelezi. Anagonjetsedwa ndi mfuti zazikulu, Nsingo anaomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Kulimba mtima kwake kumakumbukiridwa mpaka lero, ndipo nkoyenera. Koma kuno, mu Sepitembala 1904, mafumu a Angoni anakumana ndi Sir Alfred Sharpe ku Ekwendeni, ndipo dziko lino linalowa m'ulamuliro wa Angelezi popanda kukhetsa mwazi.

Wina anganene kuti amenewo anali mantha. Ine nditi ayi. Mu 1915 Inkosi Chimtunga anakana kupereka anthu ake kuti akakhale amtengatenga pa nkhondo yaikulu ya Azungu, ndipo pa chifukwa chimenecho anachotsedwa pampando natumizidwa kutali ku Chiromo. Munthu wamantha sangatero. Iye anasankha kuvutika yekha koposa kutaya ana a eni. Lero mwezi wa Ogasiti uliwonse anthu amasonkhana ku Hora pa mwambo wa Umthetho. Zishango ndi zibonga zimagwedezeka pa ingoma, fumbi nkuti koboo, koma palibe amene amabwerera kwawo ndi bala.

Anyamata a zipani

Dziko lathu litayandikira ufulu, atsogoleri atsopano nawonso anaona kuti mphamvu ili mwa achinyamata. Mu 1963 kunakhazikitsidwa gulu la Malawi Young Pioneers, limene anthu ankangoti Apayoniya. Cholinga chake choyamba chinali chabwino: m'mabesi awo ankaphunzitsa ulimi wamakono, ukalipentala, kumanga nyumba ndi kulimbitsa thupi, ndipo alipo ambiri amene anapindula. Ankaloweza ngodya zinayi, ndizo umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Koma pambuyo pa kusamvana kwa Dr Kamuzu Banda ndi nduna zake mu 1964, gululi linasanduka mkono wa chipani wolangira onse oganiziridwa kuti ndi zigawenga. Linapatsidwa mfuti, ndipo lamulo linaletsa apolisi kumanga Mpayoniya popanda chilolezo cha akuluakulu a gululo.

Agogo aakazi amasimba za Ayufi ovala malaya ofiira amene ankaima pachipata cha msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani. Mwana wa zaka zanga ankatha kubweza nkhalamba ya imvi ndi dengu lake pamutu. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula makhadi, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi za iwo zinathawira ku Zambia, nyumba zawo zitatenthedwa. Amene ankachita zimenezi sanali alendo ayi. Anali ana a m'midzi momwemo, amene anauzidwa kuti kumenya munthu wopanda khadi ndiko kukonda dziko.

Nanga mapeto a Apayoniya anali otani? Mu Disembala 1993, Apayoniya ataombera asilikali awiri ku Mzuzu, gulu la nkhondo la Malawi linawathira nkhondo yowalanda zida, imene inatchedwa Operation Bwezani. Mabesi awo anaphwasulidwa, ena anafa, ndipo ambiri anathawira ku Mozambique. Anyamata amene dzulo lake ankaopedwa ndi dziko lonse anagona m'tchire ngati nyama.

Munthu akanayembekeza kuti ndale za zipani zambiri, zimene Amalawi anasankha pa 14 Juni 1993, zithetsa mchitidwewu. Koma unangosintha malaya. M'zaka za ulamuliro wa UDF anthu ankadandaula ndi a Young Democrats, ndipo m'zaka za DPP ankadandaula ndi makadeti. Pa 19 Julayi 2011 anyamata onyamula zikwanje anayendayenda pa magalimoto mumzinda wa Blantyre kuopseza amene ankafuna kuchita zionetsero. M'mawa mwake zionetserozo zinachitika, ndipo pa zipolowe za masiku amenewo anthu 20 anafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Mu Juni 2025, pa nthawi ya boma la MCP, anthu a zikwanje anakhapanso ochita zionetsero ku Lilongwe dzuwa likuswa mtengo. Sindikutchula izi kuti ndinyoze chipani china ndi kukweza china. Ndikuonetsa kuti mbendera zimasintha, koma amene amanyamula chikwanje amakhala yemweyo: mnyamata wosauka, wa msinkhu wathu kapena woposerapo pang'ono.

Njira zinayi

Poyang'ana zonsezi ndaona njira zinayi zimene mtsogoleri amaloŵera mumtima wa mnyamata.

Yoyamba ndi chimene amatama. Mnyamata ali ndi njala ya ulemu kuposa ya nsima. Wamkulu akatcha wogenda miyala kuti ngwazi, mawa ogenda adzachuluka; akatama amene wakolola matumba ambiri kapena wakhoza mayeso, anyamata adzathamangira komweko.

Yachiwiri ndi dzina limene amapatsa wotsutsana naye. Nkovuta kugenda munthu amene ukumuona kuti ndi atate a mnzako, koma kugenda njoka nkosavuta. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ina inkatcha Atutsi mphemvu, ndipo gulu la Interahamwe, limene linayamba ngati nthambi ya achinyamata a chipani cholamula, linatsogolera kupha. Anthu pafupifupi 800,000 anatha m'masiku ngati 100. Mawuwo ndiwo anatsogola, zikwanje zinabwera pambuyo.

Yachitatu ndi chimene amakhalira chete. Mtsogoleri sayenera kuchita kulamula kuti kamenyeni uje. Anyamata ake akamenya munthu, iye osadzudzula, kapena kukawatulutsa m'manja mwa apolisi, onse amamva kuti chilolezo chaperekedwa. Paja amati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu.

Yachinayi ndi chimene amachita iye mwini. Mu 1961 katswiri wina wa za maganizo a anthu, Albert Bandura, wa pa yunivesite ya Stanford ku America, anaonetsa tiana munthu wamkulu alikumenya chidole chachikulu chopopa mpweya. Atatisiya tokha ndi chidolecho, tiana timene tinaonerera kumenyako tinachimenya mofanana ndithu, kuposa timene sitinaone. Pa kuyesa kwina pambuyo pake anapeza kuti ana akaona womenyayo alikulangidwa, kutsanzira kumachepa. Makolo athu analibe yunivesite, koma anadziwa kale chomwecho pamene anati make mbuu, mwana mbuu.

Pakamwa pomwepo pazimitsanso moto

Chokondweretsa nchakuti njira zomwezi zimagwiranso ntchito ya mtendere. Pa 10 Epulo 1993 Chris Hani, amene achinyamata a ku South Africa ankamkonda kwambiri, anaomberedwa ndi Mzungu, ndipo dziko linatsala pang'ono kuyaka. Nelson Mandela, asanakhale pulezidenti, analankhula pa wailesi yakanema napempha bata, nakumbutsa anthu kuti amene anathandiza kuti wakuphayo agwidwe anali mayi wachizungu. Zipolowe zina zinachitika, koma nkhondo yapachiweniweni imene anthu ankaiopa siinabuke, ndipo chaka chotsatira anthu anaponya voti. Kuno kwathu, mu Meyi 1994, Dr Banda yemwe uja analankhula pa wailesi kuvomera kuti wagonja pa chisankho, ndipo otsatira ake anakhala phee. Mu Sepitembala 2025 Dr Lazarus Chakwera anachitanso chimodzimodzi zotsatira zisanalengezedwe. Mawu ochepa otere amapulumutsa miyoyo imene sitingaiwerenge, pakuti maliro amene sanachitike palibe amawalemba. Ndicho chifukwa chake amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Nanga ife?

Pano wina andifunsa kuti, kodi tsono mnyamata alibe mlandu? Ali nawo ndithu. Mwala uja sunadzitole wokha, ndipo pabwalo la milandu amaimirira ndi amene anagenda, osati amene analankhula pansanja. Chimenechi ndicho chiyenera kutitsegula maso. Ana a munthu wamkulu uja pa tsiku la miyala sanali pa lole. Amene anagona m'chitokosi ndi msuweni wanga, ndipo mbuzi zimene zinapita ndi za azakhali. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17 miliyoni, ndipo theka la iwo anali osakwana zaka 18. Gulu lalikulu chotere aliyense wofuna mpando adzalifuna. Nkofunika tsono kuti tidziwe mtengo wathu, tisagulidwe ndi malaya ndi botolo.

Ndisanatsirize ndiyenera kuulula kanthu, ngakhale ndichita manyazi. Ndili Fomu 1, mnyamata wina wa Fomu 4 anandigwaditsa usiku pa simenti yozizira nandimenya ndi lamba chifukwa ndinakana kumchapira malaya. Ndinalira, ndipo ndinalumbira kuti ine sindidzachitira munthu zotere. Koma nditafika Fomu 3 ndinapezeka ndikugwaditsa kamnyamata kena katsopano, anzanga alikuseka nandichemerera. Palibe anandituma. Ndinangochita chimene ndinaona akulu anga akuchita natamandidwa nacho, ndi chimene ena oyenera kudzudzula anachiyang'ana nakhala chete. Njira zinayi zija ndinazipeza zonse m'hositelo mwathu momwe. Nditamva mawu a msuweni wanga aja ndinakumbukira nkhope ya kamnyamatako, ndipo teremu ino ndinakapepesa. Iye anadabwa kwambiri, ndipo kudabwa kwakeko kunandipweteka kuposa lamba uja.

Chotero, anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, ma prefekiti ndi makaputeni a masewera, tisaganize kuti atsogoleri ndi okhawo okwera magalimoto a mbendera. Kwa mwana wa Fomu 1, nduna yaikulu ndi inu. Iye alikuona chimene mumaseka nacho, dzina limene mumapatsa a sukulu ina tikagonja pa mpira, ndi chimene mumachita nyemba zikapsa mochedwa kukhitchini. Chimene aone chaka chino adzachichita zaka ziwiri zikubwerazi, ndipo ena mwa ife tidzaimirira pansanja tsiku lina, anyamata a eni ali m'munsi kudikira mawu athu.

Pempho langa nlakuti munthu wamkulu aliyense akatiitana, tiyambe tamuyesa ndi mafunso atatu. Kodi amatama zotani? Kodi otsutsana naye amawatcha anthu kapena zilombo? Kodi chimene akutituma angatume mwana wake wobala yekha? Akalephera mafunso amenewa, tibwerere ku mabuku athu ndi ku makasu athu, pakuti nkhondo siimanga mudzi. Msuweni wanga tsopano alikulima tomato kudimba, ndipo lole ija itabweranso anati ali ndi ntchito yothirira.

Wophunzira wa Fomu 4